Chithunzi Chimene Ndinati Ndi Mafuta a Nsomba

Bambo anga anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo ankamenya. Kusukulu ankamenya ana a eni, kunyumba ankamenya ife. Ndili sitandade faifi anandiswa zala ndi rula chifukwa chosokoneza mayina a mapulaneti. Nditalephera mayeso a fomu thu anati mutu wanga ndi wa kumunda, sukulu yanga inathera pomwepo. Achimwene anga ndiwo anapitiriza mpaka kukapeza ntchito ku Joni.

Ukwati wanga utatha ndinabwerera pakhomo pa makolo, kufupi ndi Golomoti. Amayi anali atatisiya kale. Bambo anali atapuma ntchito, maso awo atayamba kuchita khungu. Ndinkalima mpunga ku Bwanje, kuwaphikira ndi kuwachapira. Ukalamba sunawafewetse. Mchere ukachepa m'ndiwo ankakankha mbale mpaka igwere pansi, ine n'kumatola.

Chaka china achimwene anawatumizira kamera yogwirapo kale ntchito, choimikira chake cha miyendo itatu, ndi laputopu. Bambo ankafuna chinthu chimodzi chokha: kujambula mlalang'amba. Osati uwu umene tonse timauona utayala kumwamba ngati phulusa, koma wina wakutali zedi, wozungulira ngati nkhata. Ankati anauphunzitsa zaka zonse kuchokera m'buku, koma ndi maso awo sanauonepo. Umaoneka chakumpoto m'miyezi yotentha.

Ntchito yake inali yotopetsa. Chithunzi chimodzi sichionetsa kanthu. Pamafunika kujambula malo amodzimodziwo kambirimbiri, kenako laputopu n'kusanjikiza zithunzizo kuti kuwala kochepako kuunjikane. Popeza iwo sankaona bwino, maso awo ndinali ine. Tikadya chamadzulo ndinkasenza zida kupita nazo pachulu kuseri kwa khola.

“Zungulitsa galasilo mpaka nyenyezi ichepe ngati nsonga ya singano,” ankatero. “Yachepa?”

“Yachepa, bambo.”

“Ukunama. Wayankha msanga. Yambiranso.”

Masabata anapita. Anthu ankatentha tchire posaka mbewa, utsi n'kuphimba kumwamba. Mwezi ukawala, palibe chotheka. Udzudzu unkatidya, ndipo ine m'mawa mwake kumunda kunkandidikira. Tsiku lina chitenje changa chinakola mwendo wa choimikira, kamera n'kusuntha. Anandimenya ndi ndodo yawo pamsongolo, ine mayi wa ana atatu. Ndinagwada pansi ndi ululu, iwo ali chiimire.

“Ukatha kulirako ubwezeretse pamene inali.”

Kenako kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija yozimitsa moto wa m'tchire. Fumbi ndi utsi zinatsika, kumwamba kunayera mbee. Tinajambula mpaka batire linatha.

Mawa lake masana, ndikupeta mpunga pakhonde, anandiitana. Ndinawapeza atagunditsa mphuno palaputopu.

“Ndikuona kanthu kotuwa pakatipa,” anatero. “Tandiuza, kali bwanji?”

Ndinayang'ana. Mlalang'amba uja unalipo. Unali utapendekeka ngati lichero loyedzamira kukhoma, pakati pake powala, m'mbali mukuzilala pang'onopang'ono, ndipo kamzere kakuda kanazungulira mbali imodzi. Chibadwire sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Ndinatsala pang'ono kufuula.

Koma ndinaona nkhope yawo, mmene inkadikira. Msongolo wanga unali udakali wotupa.

“Ndi mafuta, bambo.”

“Mafuta?”

“Dzulo ndinagwira galasi ndikuchokera kokazinga nsomba. Ndi chala changa chimenechi.”

“Yang'anitsitsa. Palibe kamzere kakuda m'mphepete?”

“Palibe.”

Ndinadikira ndodo, koma sinabwere. Bambo anabweza mpando kumbuyo.

“Fufuta,” anatero.

Ndinafufuta chithunzicho. Ndinafufutanso zonse zimene tinajambula usiku uja, za mulaputopu ndi za mukamera momwe. Iwo sanandiuze kuti ndifike mpaka pamenepo.

Sindinalekere pomwepo. Tsiku la msika ku Mtakataka ndinasimbira amayi ena ogulitsa tomato kuti aphunzitsi achezera miyezi iwiri kujambula mafuta a mlamba. Nkhani inathamanga. M'dera lathu muli abambo ambiri amene anakula ndi zipsera za bambo anga, ndipo anailandira ndi manja awiri. Wa kabaza wina, amene kale anali m'kalasi mwawo, ankaima dala pamsewu n'kukuwa: “Aphunzitsi, nyenyezi zija zapsa? Tibwere ndi mchere?” Ngakhale potuluka m'tchalitchi anthu ankasekera m'manja. Bambo anasiya kupita kumapemphero. Kamera anaikulunga m'thaulo n'kuiika pamwamba pa kabati.

Dzinja linafika ndi mitambo yake. Pamene miyezi yotentha inkabweranso, maso awo anali atatheratu. Ndinapita nawo kuchipatala ku Mua, kumene anatiuza kuti matenda a shuga anali atawononga mkati mwa maso, ndipo panalibenso chochita. Kuyambira pamenepo ndinkawagwira dzanja popita kuchimbudzi, kuwasambitsa, kuwaikira chakudya m'manja. Ndodo ija inasanduka yofufuzira njira. Nthawi zina ndinkaisuntha pamene anaisiya, n'kuima pakhomo kuwaonerera akupapasa pansi.

Loweruka lina ndinkawameta ndevu pansi pa mtengo wa mango. Sopo ali kumaso, anayankhula osatembenuka.

“Iwe, tsiku lija. Analidi mafuta?”

Lezala linali pakhosi pawo. Panalibe wina pakhomo, ana anali kumunda. Ndikanatha kuwauza zonse, kupendekeka kuja, kuwala kwa pakati, kamzere kakuda kamene ankakafuna. Mpaka lero ndikhoza kukajambula pansi ndi chala.

“Anali mafuta, bambo.”

Anapuma mozama. “Ndiye kuti ndinaloza polakwika,” anatero. “Ndine ndinaphonya.”

Aka kanali koyamba kuwamva akuvomera kulakwa pa chilichonse. Ndinamaliza kuwameta, ndinawapukuta kumaso, n'kukataya madzi.

Anamwalira nthawi yokolola mpunga. Achimwene atabwera kumaliro anatsitsa kamera pakabati, anaiyatsa, n'kupeza mulibe kanthu. Anandifunsa ngati bambo anaigwiritsapo ntchito. Ndinati ankaiopa kuti angaiwononge. Anaiika m'chikwama chawo n'kubwerera nayo ku Joni.