Chitini Chokolera Utsi cha a Stanislaus

A Stanislaus Kamwendo anali munthu wa lole. Osati malole ayi, lole imodzi basi, yobiriwira, yokalamba, imene anaiyendetsa zaka makumi awiri ndi zisanu m'misewu yafumbi ya pakati pa Nsaru ndi Msundwe. Ankanyamula fodya, mtedza, njerwa, akwaya a ku tchalitchi, chilichonse chofuna kuchoka pano kupita apo. Umakanika anauphunzira ali mnyamata kwa bulazala wina wa ku mishoni, ndipo chiyambire lole yawoyo sinagwiridwepo ndi dzanja la munthu wina. Ankaikonza okha pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba.

Mkuluyu sankayankhula zambiri. Mukawapatsa moni, ankangoti "Tilipo," nkhani yathera pomwepo. Koma mungoyerekeza kunena kuti injini yanu ikuvuta, eee, mwaputa ulaliki wa tsiku lonse. Ndipo ulaliki wawo unali umodzimodzi chaka ndi chaka. Ankati mkati mwa injini mumadzaza mpweya wotentha wosakanikirana ndi oyilo, ndipo pali kapaipi kamene mpweyawo umatulukira. "Injini imapumira pamenepa," ankatero, akuloza ndi sipanala. "Chitani zonse zimene mungachite, koma kapaipi aka musadzakatseke. Mpweya ukasowa potulukira umaboola pake." Madalaivala a pa Nsaru ankachita kuwatsanzira mawuwo akakhala pa bawo.

Akazi awo, mayi Naomi, ndiwo anali pakamwa pa banjalo. Anali mayi wanthabwala, woimba alito mu kwaya, mpaka mphumu inawalanda nyimbo. Matendawa anawagwira atakula kale. Fumbi, utsi wa kukhitchini, chisanu cha mu Juni, chilichonse chinkawatseka pachifuwa, moti mwana wawo wamkazi Rebecca anabwerera pakhomo kudzawaphikira. Mwezi ndi mwezi ankayenera kukaonedwa ku chipatala cha mishoni ku Namitete, ndipo m'mudzi monsemo galimoto inali lole yomwe ija.

Vuto linali pamenepo. Injini itakalamba, kapaipi kaja kanayamba kufuka ngati mbaula, utsi wonunkha oyilo wopserera, n'kumalowera kutsogolo kokhala anthu kudzera m'mabowo a pansi. Mayi Naomi akakhala kutsogolo, utsi. Akakhala kumbuyo, fumbi. Ankafika ku Namitete atatheratu kuposa mmene ananyamukira, chitenje chili kumphuno, maso ali psuu.

"Bambo a Rebecca," ankatero akapeza mpweya, "lole yanuyi ndi mkazi mnzanga. Ikufuna indiphe kuti itsale nanu yokha."

A Stanislaus sankaseka. Mawuwo ankawalasa mumtima, chifukwa ankawakonda akazi awo, chikondi cha anthu osayankhula chija chimene chimangoonekera m'manja. Zitsulo zatsopano za mkati mwa injini yakale ngati imeneyo anazifunafuna mpaka m'tauni, osazipeza. Ndiye anaganiza zopanga chitini choti utsiwo uzidutsamo, oyilo azitsalira m'menemo, asamafike kwa mayi.

Choyamba anayesa chitini cha mkaka waufa. Chinang'ambika pa ulendo umodzi, mabampu a msewu wa ku Kabudula si masewera. Kenaka anatola botolo lachitsulo lofiira, lija lozimitsira moto, litatayidwa pa mulu wa zitsulo zakutha. Analicheka kumutu, nalitsuka ndi mchenga, n'kupita nalo kwa Fabiano, wowotcherera wa pa Msundwe. Kumeneko anaikapo timapaipi tiwiri, kena kolowetsera utsi kofika mpaka pansi, kena kafupi kotulutsira mpweya pamwamba. Kunsi anaboola n'kuikapo bawuti yokhetsera oyilo. Mkatimo anafuna choti utsi uziwombapo, ndiye anakalowa kukhitchini n'kutenga mawaya atatu okwechera mapoto.

"Kodi mapoto anga ndizikwecha ndi ndevu zanu?" anafunsa mayi Naomi ali pamkeka.

"Muona," anayankha a Stanislaus. Kwa iwo amenewo anali mawu ambiri.

Chitini chatsopanochi anachimangirira pambali pa injini ndi zitsulo ziwiri, mapaipi n'kuwamanga ndi waya mpaka zala kutupa. Ntchito yake inali yaukhondo, yolimba, yoti ngakhale bulazala uja akanadzuka akanagwedeza mutu. Atabwera ku ulendo wa mtedza, anamasula bawuti ija, oyilo wakuda bii n'kutsikira m'kapu yakale mpaka theka. Anakawaonetsa mayi.

Mayi Naomi anaiyang'ana kapuyo nthawi yaitali. "Zonsezi ndiye ndimameza ine?"

"Simudzamezanso."

Panatsala chinthu chimodzi. Kapaipi kapamwamba kaja kankatulutsabe kafungo pang'ono. Pankafunika paipi yaitali yosasungunuka ndi moto, yoti itenge mpweya wotsalawo n'kuubwezera kumene injini imakokera mpweya, kuti ukapsere konko. Fabiano analonjeza kuti abwera nayo Loweruka kuchokera m'tauni. Koma matenda sadziwa Loweruka, abale. Anabwera Lachinayi m'mawa.

Kunacha ndi chisanu choluma, kamphepo kakuulutsa fumbi ndi mankhusu, poti anthu anali pa kalikiliki wotong'ola chimanga. Mayi Naomi anangoti atuluke panja, chifuwa n'kutsekeka. Kabotolo kopopera mankhwala m'kamwa kanalephera. Ankakoka mpweya mapewa akukwera, pakhosi pakulira ngati kamwana ka mphaka. Rebecca ndi bambo ake anawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo, pakati. A Stanislaus analiza injini. Injini yozizira imafuka kwambiri, ndipo kafungo kaja kanalowa. Kanali kochepa, koma pa chifuwa chotero kanali kokwanira. Mayi anayamba kutsokomola mosalekeza, milomo ikutuwa.

"Ababa, utsi!" anakuwa Rebecca. "Amayi akubanika!"

A Stanislaus anatsika. Anatsegula boneti, nayang'ana kapaipi kakufuka kaja. Pansi ponse panali zitsononkho za chimanga. Anatola chimodzi, nachikhomerera pa kapaipiko ndi sipanala, n'kuchimanga ndi waya kuti chisafwanthuke.

Inde, iwo omwe aja. Munthu amene analalikira Nsaru yonse kuti kapaipi kameneka sakatseka. Ankadziwa, sikuti anaiwala ayi. Mumtima anangoti ulendo umodzi wokha, ndiyenda pang'onopang'ono, ndikafika pa tala ndichotsa. Ndani wa ife akanachita mwina, mkazi wake akubanika pampando? Komabe chitsulo sichimva zimenezo. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ntchito yawo inali yabwino mopitirira. Chikanakhala chitini cha mkaka chija, chikanaphulika chokha, injini n'kupuma. Botolo lofiira lija silikanaphulika ngakhale mutaliponda ndi thirakitala.

Ananyamuka. Kutsogolo kuja kunayera, kopanda fungo ngakhale pang'ono. Atadutsa midzi iwiri, chifuwa cha mayi chinayamba kumasuka. Kutsokomola kunachepa. Anatsamira paphewa la amuna awo, maso ali chitsinzinire, chitenje chagwera pamiyendo. Rebecca anayang'ana bambo ake n'kumwetulira, misozi ili m'masaya. A Stanislaus ataona choncho anaopa kuima. Anati ndikachotsa tsopano ayambiranso. Anaponda moto.

Pa chitunda cha kutsidya kwa dambo, nyale yofiira ya oyilo inayaka. Anasuzumira pagalasi, naona mzere wakuda ukuwatsatira m'fumbi kuchokera kumunsi. Mpweya uja unali utaboola pake, pa mphira wotseka oyilo kumbuyo kwa injini. Anaima, nazula chitsononkho chija, nathira oyilo yense amene anali naye m'kagaloni. Oyiloyo anangodutsa n'kukathera pansi. Anakweranso, nayendetsa choncho, akudziwa chimene akuchita. Injini inayamba kugogoda, gu gu gu, ngati munthu akusinja mumtondo wopanda kanthu. Inayenda mtunda pang'ono, kenaka inangoti zii. Tala anali akadali kutali.

Msewu umenewo Lachinayi m'mawa sudutsa galimoto. Rebecca anaimba mafoni, uyu ali ku Mpingu, uyu sakuyankha. Dzuwa linakwera. Mphepo inkalowetsa fumbi m'mazenera osatsekeka bwino aja, chifuwa cha mayi n'kutsekekanso, tsopano moposa poyamba. Patapita nthawi yaitali kunatulukira njinga yamoto ya kabaza. Anawakweza mayi pakati, Rebecca kumbuyo atawakumbatira, n'kulowa m'fumbi lomwe lija a Stanislaus anakhala akuwatchinjiriza kwa zaka. Iwo anatsala chiimire pamsewu, manja ali oyilo yekhayekha. Kenaka anayamba kuyenda wapansi, osatseka n'komwe chitseko cha lole.

Anafika ku Namitete dzuwa litapendeka. Anamwino anali atachita zonse zimene akanatha, mayi ali pa mpweya wa m'botolo, osadziwa kanthu. Panalibe amene anawafunsa chimene chinawachedwetsa. Achibale amene anabwera ankangoti lole ija inali itakalamba, inayesetsa. Rebecca nayenso ankaganiza choncho, poti boneti inamutchinga, sanaone chimene bambo ake anachita. A Stanislaus akanatha kungokhala chete, monga mwa chikhalidwe chawo, nkhaniyo n'kufera m'mimba mwawo.

Mawa lake masana mayi Naomi anatsegula maso. Rebecca anali atapita kukatunga madzi. A Stanislaus anasendeza mpando, nagwira dzanja la akazi awo, lopepuka ngati tsamba la fodya louma.

"Amake Rebecca," anatero, "lole sinafe yokha. Ndinaipha ndine. Ndinatseka kapaipi kaja ndi chitsononkho kuti utsi usakupezeni. Ndikanapanda kutero tikanafika m'mawa womwe uja. Ndakulakwirani ine."

Analira mkuluyo, kulira kwa munthu wosazolowera, kochita kugwedeza bedi. Mayi anawayang'ana. Anasuntha ndi chala chophimba kukamwa cholowetsera mpweya kuti ayankhule, mawu akutuluka limodzilimodzi.

"Inu? Kutseka kapaipi? A Nsaru akamva adzakusekani."

"Musaseke, mayi."

"Sindikuseka." Anakoka mpweya. "Koma munali bwino m'galimoto muja dzulo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchapa malaya anu, ndikakwera lole ndimangomva oyilo. Dzulo nditatsamira paja ndinamva fungo la sopo. Ndinati kani ndimachapa bwino chonchi."

 Mayi anabwezera chophimba chija okha, natseka maso, dzanja lawo lili m'manja akuda aja. Rebecca atalowa ndi madzi anapeza bambo ake atawerama, mphumi ili pa bulangeti, ndipo anaganiza kuti akupemphera. Mayi Naomi anamwalira tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.