Samu Yomaliza ya Amuna Anga

Tsiku loika maliro a amuna anga ndinadzuka kusanache. M'nyumba yathu ya ku Wembley, kuno kutsidya kwa nyanja, anthu anali atagona paliponse, ena pamasitepe, atafunda majasi. Amayi a kumpingo anali atatereka kale tiyi. Kunja kunkawaza kamvula ka Novembala kosadziwa kukata.

Amuna anga anali mphunzitsi wa masamu ku Zomba tisanathawe kwathu. Kuno anakalamba akugulitsa matikiti a sitima. Chimwemwe chawo chinali Lamulungu masana, akabwera mnzawo wina, Mmwenye amene kale anali ndi sitolo ku Limbe. Iyeyu ali mwana analoweza masamu akale a kwawo, olembedwa m'ndakatulo za Chisansikiriti, chinenero chamakedzana cha Amwenye. Ankayimba ndime imodzi n'kuimasulira m'Chichewa chake chopindika, amuna anga n'kuyamba kuwerengetsera papepala. Zaka khumi ndi ziwiri! Ine zinkandikwiyitsa, chifukwa chakudya chinkazizira patebulo.

Dzuwa silinatuluke tsiku lonse. Tinanyamuka mmawa, galimoto zitandondozana. Kumanda tinapeza dzenje litakumbidwa kale ndi anthu osawadziwa, ndipo zimenezo zinandiwawa. Mapemphero atatha, mnzawo uja anasendera kutsogolo, chipewa chili m'manja, napempha kuti atsanzike m'chinenero chakwawo. Abusa anakana mwaulemu, kuti pamanda a Mkhristu sipangamveke pemphero la chipembedzo china. Munthu uja anangozolika n'kuyamba kubwerera m'mbuyo.

Namfedwa sayankhula pamaliro, ndikudziwa. Koma ndinayankhula.

"Abusa, asiyeni. Si pemphero ayi, ndi samu."

Alamu anga anandiyang'ana ngati ndapenga. Mnzawoyo anayimba mizere inayi yokha, mvula ikumugwa padazi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, ili ndi funso lomaliza ndinamupatsa. Ananena abwera ndi yankho."

Madzulo onse atapita, nyumba inangoti zii. Ndinatsegula Baibulo la amuna anga kuti ndiwerenge salimo, ndipo munagwa kapepala ka zolengeza za kutchalitchi, ka Lamulungu lija anagwa osadzukanso tikutuluka m'mapemphero. Kuseri kwake kunali manambala okhaokha, yomaliza atayizunguliza kawiri. Ndinawaona akulemba tsiku limenelo, ine n'kumanyada kuti amuna anga ayamba kulemba ulaliki. Ndinaseka ndekha mpaka kulira, kenako ndinayamba kufunafuna envulopu yoti ndimutumizire mnzawo uja yankho lake.