Magiya Otsukidwa ndi Mchenga

Chinali chaka cha 1934, ine ndili ndi zaka 28. Ndinali nditakhalitsa m'wokoshopu ya esiteti, ndikumasula ndi kumanga malole onyamula tiyi. Chaka chimenecho ntchito inachepa ndipo ambiri anatichotsa. Kapitawo anandiuza kuti nditenge khasu ndikalowe m'mizere ya tiyi monga aliyense wokhala pamalo a mzungu. Ndinakana. Sindinaphunzire sipanala kuti ndikapalire tiyi.

Kukanako sikunakhudze ine ndekha. Ndinkakhala chikamwini. Nyumba, nkhokwe ndi munda wa nthochi zinali za apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, amene anachoka wapansi kwa Apwitikizi ali mtsikana. Amuna awo anali atamwalira. Mwamuna wogwirira thangata khomo lonselo ndinali ine. Lamulo tonse tinkalidziwa: mvula ikagwa, tiyi akaphuka, khomo lopanda munthu pantchito kapena lendi m'manja ankaligwetsa.

Ine ndinasankha lendi. Mmwenye wina wa pa boma la Thyolo anali ndi galimoto yakale kuseri kwa sitolo yake, nkhuku zikuikiramo mazira. Injini inali yamoyo. Chimene chinafa ndi giyabokosi ndi difu, chibokosi cha magiya chapakati pa mawilo akumbuyo. Ndinamupatsa njinga yanga ndi mbuzi zitatu, ndipo amuna a m'mudzi anandithandiza kuikoka ndi zingwe mpaka pakhomo. Maganizo anga anali akuti ndiikonze mvula isanagwe, ndizinyamula nthochi kupita nazo ku Limbe, nyumba ikhale.

Jeke ndinalibe. Galimotoyo ndinainyamula ndi mtengo wautali n'kuikhazika pa zipika za bulugamu. Nditatsegula pansi, oyilo anatuluka wakuda ngati phula, muli tizitsulo tonyezimira. M'giyabokosi giya imodzi inali itadyeka mano. Mu difu, kagiya kakang'ono koyendetsa chachikulu kanali katathyoka mano awiri, ndipo zibenthuzo zinali zitatafunidwa mkatimo. Zolowa m'malo ndinakazitola kudzala la zitsulo kuseri kwa wokoshopu, n'kumazipala ndi tupa mpaka zitagwirizana. Chitsulo chilichonse pochichotsa ndinkachiika chizindikiro cha utoto woyera, makamaka mawashala opyapyala amene amachititsa kuti mano a magiya alumane bwino. Zonse ndinaziyala pamphasa, pakhonde, motsatana.

Kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso. Mukakumana panjira, wina amapatuka. Mawu athu ankadutsa mwa mkazi wanga, ngakhale tonse tili pabwalo limodzi. Apongozi ankalankhula mokweza, m'Chilomwe, akuyang'ana kwina.

"Uwafunse amuna akowo, chiweto chawochi chibereka liti? Mbuzi zija bwenzi pano zili ndi ana."

Mkazi wanga ankatembenukira kumene kunali miyendo yanga, ine ndili pansi pa galimoto. "Amayi akufunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji."

"Ndamva zimene afunsa. Uwauze kuti chikabereka, mpando wakutsogolo ndi wawo."

"Uwauze kuti ine ndidafika kuno ndi miyendo."

Galimotoyo ankadana nayo, ndipo sankabisa.

Mwezi wa Okutobala kapitawo anabwera, nagogoda tayala ndi ndodo yake.

"Amakaniko, mukadali chagada? Anzanu atha kupalira kumtunda konse."

"Ndili pantchito."

"Ya yani?"

"Yanga."

Anaseka. "Pamalo pano ntchito yako sikhalapo, achimwene. Bwana afunsa za khomo lino. Ine ndawauza kuti mukudwala msana, poti mumangogona pansi. Kachiwiri sindinama."

Apongozi anamva zonsezo ali kuseri kwa nkhokwe. 

M'mawa mwake ndinapita wapansi ku boma kukafuna oyilo wa magiya. Ndinabwerako dzuwa litapendeka. Pakhonde mphasa inali yopanda kanthu. Zitsulo zanga zonse zinali pathandala loyanikira mbale, zikuwala ngati masupuni a kunyumba ya bwana. Apongozi anali atazisenza m'dengu kupita nazo kumtsinje, n'kuzikwecha ndi mchenga ndi phulusa monga achitira mapoto. Utoto wonse unali utachoka. Mawashala anali atatungidwa pa luzi limodzi, aakulu kuyamba, aang'ono kumapeto. Ndinatenga beringi imodzi, kamkombero ka timipira tachitsulo, n'kuizunguliza pafupi ndi khutu. Inkalira ngati munthu akutafuna ndiwo zosatsuka.

Mkazi wanga anabwera akumwetulira. "Amayi akuti mwachedwa chifukwa zinali zauve. Akuti chinthu sichingachire mukabwezera matope m'mimba mwake. Akhala kumtsinje tsiku lonse."

Ndinayang'ana kumbali. Apongozi anali atakhala chofulatira pansi pa nthochi, zala zitakulungidwa nsanza pamene mano a magiya anawacheka. Ankadikira yankho. Aka kanali koyamba kukhudza galimotoyo, ndipo anachita zimenezo pofuna kupulumutsa nyumba yawo.

"Ndiwauze chiyani?"

"Uwauze kuti ndathokoza."

Mkazi wanga anandiyang'anitsitsa, kumwetulira kutatha. "Zaonongeka?"

"Ndati uwauze kuti ndathokoza."

Anapita kukanena. Ndinamva kuomba m'manja pang'onopang'ono kuseriko.

Mchenga ukalowa m'beringi sutuluka wonse. Ndinatsuka ndi palafini wa m'nyali mpaka botolo linatha, ndikuuzira ndi bango m'mipata. Kulira kunachepa koma sikunathe. Maberingi atsopano ankapezeka ku Blantyre kokha, ndipo ndinalibe chowagulira. Mawashala ndinawayesa mmodzimmodzi: ndinkapaka mwaye wosakaniza ndi oyilo pa mano a giya, kuzunguliza, n'kuona pamene alumana. Kumanga, kumasula, kumanganso. Mitambo inayamba kuunjikana ku Mulanje. Anthu anayamba kukonza madenga. Mkazi wanga anasiya kufunsa.

Nditamanga komaliza ndinapukusa chitsulo cholizira injini, ndipo inalira. Galimoto ndinaitsitsa pa zipika, ndinalowetsa giya, inayenda. Ndinazungulira mudzi bwinobwino. Aliyense wodziwa magalimoto akanamva kaphokoso kakang'ono kumbuyo. Pamudzipo wodziwa ndinali ndekha.

Tinadula mikoko ya nthochi ya apongozi, ndipo anansi anaonjezera yawo kuti ndikawagulitsire. Mkazi wanga anakwera nane. Ponyamuka apongozi anaima patali, atatembenukira kumunda.

"Uwauze ayende bwino. Asathamange."

Pamalo osalala galimoto inayenda bwino. Titayamba kukwera chitunda chotulukira ku msewu wa ku Limbe, kaphokoso kaja kanakula, kanasanduka kulira kwa galu womangidwa. Fungo la oyilo wopsa linalowa kutsogolo.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa mkazi wanga.

"Gwiritsa chitseko."

Ndinafuna kufika pamwamba kuti ndiime pabwino. Sitinafike. Kumbuyo kunamveka kuthyoka, galimoto inagwedezeka, kenaka injini inangolira yokha mawilo osayankha. Tinayamba kubwerera chambuyo. Mabuleki sanathe kugwira katundu yense uja. Ndinaikhotetsera m'ngalande ya m'mbali mwa tiyi, ndipo inagona cham'mbali. Nthochi zinamwazika mumsewu. Mkazi wanga anang'ambika pachipumi, ine ndinathyoka chala. Mvula yoyamba inatipeza tikutola nthochi zophwanyika.

Nditatsegula difu pomwepo m'ngalandemo, beringi inali itapsa mpaka kusintha mtundu. Kagiya kaja kanali katasuntha pamalo pake n'kusesa mano a chachikulu. Panalibe choti n'kupala ndi tupa.

Lolemba lotsatira ndinatenga khasu n'kupita kukaima pamzere wa antchito. Anthu anandipatsa malo. Kapitawo atafika pa ine anaima.

"Amakaniko, mwasochera?"

"Ndabwera kudzagwira ntchito."

Sanaseke. "Mukadabwera sabata yatha. Bwana aona galimoto yanu m'tiyi mwawo. Afunsa mwini wake, ndipo ndawauza."

Anatipatsa masiku oti tichotse katundu. Denga analisasula antchito anzanga omwe, ena mwa iwo eni ake a nthochi zija. Tinapita wapansi ku Nsabwe, kwa atsibweni a mkazi wanga, katundu ali pamutu. Apongozi ankayenda patsogolo, ine kumbuyo kwenikweni, monga mwa mwambo. Panjira anatumiza funso limodzi lokha: ngati anatsuka bwino zitsulo zija. Ndinati auzidwe kuti anatsuka bwino.

Chaka chimenecho tinataya njinga imodzi, mbuzi zitatu, galimoto, nyumba ya zipinda ziwiri, nkhokwe ndi theka la chimanga chake, munda wa nthochi, ndi dzinja lathunthu losadzala kanthu. Manda a apongozi aamuna anatsala konko. Pamalopo tsopano pali tiyi.