Tayala Lolira Akakwera Mayi Pepani

Pamdadada wa nyumba zalendi pamene amakhala, aliyense amamutchula Mayi Pepani. Akagunda mpando amaupepesa. Wina akamuponda pamzere wa pampopi, amayamba ndi iye kupepesa, ngati phazilo analisiya panjira mwadala. Amasoka zigamba pakhonde, mwana ali kumsana, ndipo chibadwire mwanayo thupi la mayiyu linadzadza. Madiresi ake akale amangowayang'ana ngati abale amene anasiya kupatsana nawo moni.

Mwamuna wake amawotcherera zitsulo, ndipo ali ndi kagalimoto kakale kamene amakasambitsa kawirikawiri kuposa mwana. Tsiku lina anabwera nako katavala marimu onyezimira, aakulu kuposa akale, ndi matayala akaunjika onenepa bwino.

"Amake mwana, tatulukani. Galasi lija mumadandaula ndakugulirani, anayi."

Anatuluka, anadziona nkhope itatambasuka mu rimu ngati mbale, nayamikira.

Lamlungu anakwera kupita kwa apongozi, iye kumbuyo ndi mwana. Pabampu yoyamba pansi pa mpando wake panamveka khwee. Pabampu yachiwiri, khwee.

"Zodabwitsa," anatero mwamunayo. "Ndikakhala ndekha sikalira."

Analankhula mopanda cholinga, maso ali pamsewu. Koma Mayi Pepani anamva zonse zimene sizinanenedwe. Ndiye kuti wafika ponenepa mpaka chitsulo kudandaula.

Kuyambira pamenepo, akaona bampu ankagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko n'kudzinyamula pang'ono, atagwira mpweya, ngati munthu wosapuma amapepuka. Tayala linkalirabe. Anachepetsa chakudya, koma chimene chinaonda ndi mtima wake wokha. Kenako anayamba kukonda kuyenda pansi. Ankati mwana amafuna kamphepo, ankati miyendo ikufuna kuwongola. Mwamuna wake anayamba kukhumudwa, poganiza kuti mkazi wake akuchita manyazi ndi kagalimotoko.

Ndiye unafika ukwati wa mng'ono wa Mayi Pepani, kutali kosati n'kuyenda pansi. Anayesa kunena za basi, mwamunayo anangomuyang'ana ndi maso a munthu wokanidwa. Anakwera. M'mutu mwake ankaona kale akulowa pabwalo la ukwati, abale onse ataima, galimoto ikulengeza kulemera kwake.

Asanatuluke m'tauni anaima kwa wokonza matayala kuti awonjezere mpweya. Anali bambo wadazi, wovala ovolosi yong'ambika m'mabondo. Atagwada kumbuyo anasisita m'mbali mwa tayala, pomwe panali mzere wopalika, kenako anapisa dzanja pansi pa madigadi, chitsulo chophimba tayala. Zala zinakana kulowa.

"Mbali ino amakhala ndani?"

"Ndine," anayankha Mayi Pepani, mawu ali pansi. "Ndikuyesetsa kuchepetsa."

"Kuchepetsa chiyani, mayi?"

"Thupi."

Bamboyo anaseka mpaka kukhala pansi pa mafuta.

"Mayi, pamenepa ngakhale mutakhazikapo nkhuku yokhuta, lilira. Achimwene, rimu ikakula, tayala lizikhala lalifupi m'mbalimu, kuti msinkhu wonse ukhale ngati wakale. Inu mwakulitsa rimu, mwakulitsanso tayala. Ndiye likukhula chitsulochi. Ulendo wautali chonchi likhoza kuphulika."

Mwamunayo anatembenukira mkazi wake, kukamwa kuli yasa.

"Ndiye kuyenda pansi konse kuja?"

Iye anakonza chipewa cha mwana, chimene chinali bwinobwino.

Wokonza matayala anagubuduza matayala ena aafupi n'kuwatsamiritsa pa galimoto. Mwamunayo anawazungulira, anawakankha ndi phazi, nkhope itagwa. Pafupi ndi onenepa aja ankaoneka ngati odwala.

"Koma awa achotsa ulemu wa galimoto," anatero. Anakanda m'mutu, kenako maso anawala. "Nanga amake mwana atamakhala pakati, kulemera n'kugawanika?"

Mayi Pepani anaganiza za mabampu onse amene anadzinyamulapo ngati katundu, ndi njala imene anagona nayo chifukwa cha mphira.

"Abambo ake," anatero, ndipo mawuwo anamudabwitsa yekha, "pakati mukhazikepo tayala lanulo, mulimange lamba. Ine ndikhala pawindo."

Wokonza matayala sanadikire yankho, analowetsa jeki. Mwamunayo anavula jekete n'kuyamba kumasula mabawuti, akung'ung'udza kuti anthu a kuukwati sadzadziwa zimene aphonya.