Moni wa Sikisi Koloko

A Chidindo anagwira ntchito ku positi ofesi kuyambira pa 2 Meyi 1983 mpaka pa 28 Epulo 2017. Dzinali analitengera komweko, poti kalata sinkadutsa patebulo pawo osadindidwa tsiku.

Pa 3 Malichi 2021 anatsegula gulu la pafoni la anzawo opuma ntchito, anthu khumi ndi anayi, ambiri mwa iwo ofedwa. Lamulo linali limodzi: ikakwana sikisi m'mawa, aliyense apereke moni. Iwo ankakhala pakhonde, magalasi pamphuno, nkumachonga mayina m'kope monga ankachitira ndi matumba a makalata.

A Belu, amene kale ankagawa makalata pa njinga, maso anali atachita khungu, motero moni wawo unkakhala wa mawu: "Ndadzuka, akuluakulu, bokosi musagule kaye." Koma kuyambira pa 14 Ogasiti 2023 kunkangobwera kachithunzi ka chala chachikulu. Enawo anakhutira. A Chidindo anachonga masiku awiri, lachitatu dzanja linakana.

"Munthu wosaona kachalaka akukapeza bwanji?" a Chidindo anawafunsa akazi awo, uku akuvala nsapato.

Anakwera basi. A Belu anawapeza kuchipinda chakumbuyo, mbali imodzi itafa ziwalo, kapu ya madzi ili kutali ndi dzanja lamoyo. Foni inali ndi mpongozi wawo.

"Ndimayankha ndine, bambo," anatero mayiyo atazolika. "Apongozi anati ndisakudetseni nkhawa. Komanso ndikapita kuntchito ndilibe wowasiyira."

A Chidindo sanamukalipire. Anasendeza kapu ija nkukhala m'mphepete mwa bedi.

"Achimwene, inu munkaliza belu mpaka agalu onse adziwe kuti mwafika. Lero mukudwala mobisa ngati mwaba?"

A Belu anaseka ndi theka la pakamwa, misozi ikutsikira kukhutu.

Tsiku lomwelo a Chidindo anagawa masiku, aliyense lake lokakhala ndi wodwalayo. Lamulo linasinthanso: chala ayi, mawu basi, ngakhale kutsokomola kokha. A Belu anatisiya pa 9 Januwale 2024, anzawo awiri ali pambali pawo.

Pa 6 Novembala chaka chomwecho sikisi inakwana, a Chidindo osamveka. Palibe anadikira tsiku lachitatu. Pofika seveni anthu asanu ndi atatu anali ataima pageti. Anawapeza pampando wawo pakhonde, atapita kale, kope lili pamiyendo, deti la tsikulo litalembedwa bwinobwino pamwamba.