Paketi ya Tiyi Yomwe Inatsala ku Lumbadzi

Lachiwiri lina m'mawa, mu Malichi 2018, Fyness anaimirira m'khitchini ya kanyumba kake ka lendi ku Evington, mumzinda wa Leicester ku England, mpeni uli m'manja, akudula piritsi pakati. Theka lina linathawa n'kugubuduzikira kunsi kwa filiji, ndipo mayi wamkulu wa zaka 36 anagwada pansi n'kuyamba kulikokolola ndi supuni, misozi ili chuchuchu.

M'botolo munatsala mapiritsi anayi okha. Anali ma ARV, mankhwala amene anamusunga ndi moyo kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo sankadziwa kumene ena achokere.

Inu amene mukuwerenga mwina mukuti, "Ku England mankhwala n'kusowa?" Dikirani kaye, musamuweruze. Amene sanagwidwepo ndi mantha enieni sadziwa mmene amapusitsira munthu wanzeru zake.

Fyness anapezeka ndi HIV ku Zomba ali kusikelo. Anamwa mankhwala mokhulupirika, ndipo mwana wake Mtendere anabadwa wopanda kachilombo. Mu 2015 anatsatira mwamuna wake ku Leicester, koma chaka chisanathe bamboyo anapeza wina ku Luton n'kusamuka osatsanzika. Fyness anatsala ndi mwana, mapepala okhalira m'dziko ali kwa maloya, ndi ntchito yosamalira okalamba kunyumba ina ya ku Oadby.

Kuchipatala sankafikako. Chifukwa choyamba chinali Amalawi anzake. Ku Leicester ukayetsemula m'chipatala, amene akuuze kuti pepani ndi nesi wakwanu, ndipo Lamlungu mukakhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Chifukwa chachiwiri anachimva kwa mayi wina woluka tsitsi, amene ananena motsimikiza ngati anaona ndi maso ake kuti ukapezeka ndi kachilombo, viza yako imathera pomwepo. Fyness sanafunse kwina. Anangokhulupirira.

Ndiye anapeza njira yake. Mchemwali wake Phoebe ankakamutengera mankhwala kuchipatala ku Zomba monga gadiyani, n'kuwakhuthulira m'kapulasitiki, n'kukwirira pakati pa masamba a tiyi, paketi n'kuimata bwinobwino ngati yachokera m'sitolo. Aliyense wopita ku England ankapatsidwa kamtolo ka Fyness: usipa, chiponde ndi tiyi. Kwa zaka zitatu moyo wake unkayenda m'masutikesi a anthu osadziwa chimene anyamula.

Mu Januwale chaka chimenecho, amene ananyamula anali a Shepherd, mkulu wa mpingo, munthu wabwino mtima koma wokonda kuganizira anzake zochita. Mapemphero atatha anamuitanira pambali akumwetulira.

"Mlongo, usipa wanu uwu, chiponde ichi. Koma tiyi uja ndamusiya pa eyapoti ku Lumbadzi. Sutikesi inapitirira makilo, ndiye ndinati kodi tiyi ku England n'kusowa? Ndinampatsa wa takisi. Musadandaule, ndakugulirani wina kuno, mapaketi awiri."

Fyness anathokoza, anaseka nawo, kenako anakalowa kuchimbudzi cha tchalitchi n'kudzitsekera.

Phoebe atabwerera kuchipatala kukapempha ena, anamuuza kuti ulendo uno akufuna mwiniwake abwere adzayezedwe magazi. Njira ya tiyi inatsekeka choncho.

Apa m'pamene kudula mapiritsi kunayambira. Theka lero, theka mawa, tsiku lina kudumpha. Pofika mu Epulo botolo linali gwaa, lopanda kanthu. Anayesa adyo, anayesa ufa wa chammwamba, anasala kudya. Thupi linayamba kutha. Azimayi kutchalitchi ankamuyamikira, "Koma mwachepa bwino, tiuzeniko dayeti yanu!" Iye ankangoseka, m'kamwa muli zilonda.

Chimene chinkamudya kwambiri si imfa ayi, koma Mtendere. Iye akafa, mwana wa zaka zisanu ndi zitatuyo akatengedwa ndi aboma n'kukaleredwa ndi anthu osadziwa ngakhale katchulidwe ka dzina lake. Mwanayo, amene ankamva Chichewa koma kuyankha m'Chingerezi, tsiku lina anafunsa chifukwa chake amayi ake amapuma kawiri pokwera masitepe. Fyness anati ndi kutopa kwa mashifiti. Ankaopa kufa, komanso ankaopa kuchipatala, ndipo mantha awiriwo ankamukoka uku ndi uku.

Anagwa mu Sepitembala, masana, m'chipinda chochapira kuntchito. Amene anamupeza anali Nelsy, mayi wokolopa wochokera ku Colombia, amene Chingerezi chake chinali chongokwanira kupereka moni. Fyness anamugwira mwendo n'kumuchonderera ndi mpweya wotsala kuti asaitane ambulansi. Kaya Nelsy sanamve, kaya anamva n'kunyalanyaza, palibe akudziwa. Anathamanga akukuwa mpaka ambulansi inabwera.

Chinali chibayo choopsa. Madokotala anamuyeza magazi, ndipo chimene Fyness anabisa zaka zitatu chinalembedwa mufayilo.

Tsiku lachiwiri katani ya pabedi inatseguka, ndipo amene analowa, mwa manesi onse a mu Leicester, anali a Jestina, wapampando wa amayi kutchalitchi, mayi amene mawu awo ankamveka kunja ngakhale akunong'ona. Fyness anadzifunditsa bulangeti kumutu ngati mwana.

"Mayi a Mtendere, vundukulani. Ndine nesi wanu lero."

"Fayilo mwaiona?"

"Ndaiona."

"Basi ndatha ine. Pofika Sande aliyense adziwa."

A Jestina anatseka katani, anakoka mpando, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analankhula motsitsa.

"Chaka chatha ndinaperekeza bokosi la maliro a mnyamata wakwathu ku eyapoti. Anabwera kuchipatala mochedwa chifukwa ankaopa ife, manesi akwawo. Mumve bwino, ankaopa ineyo, amene ndinasiya kwathu kudzachiza anthu. Za muno zimatsala muno, ndikangoyasamula ntchito yanga yatha. Koma ngakhale lamulolo pakanapanda, bokosi lina ine ayi. Mtendere akagona kwathu. Anthu akafunsa za matenda, mudzawayankha nokha zimene mukufuna."

Fyness sanawakhulupirire. Koma analibe mphamvu zothawira.

Mawa lake kunabwera dokotala wa kukiliniki ya HIV, mayi wofatsa dzina lake Safura. Anamva nkhani yonse ya tiyi osaseka ngakhale pang'ono. Anafotokoza kuti kudula mapiritsi kuja kunapatsa kachilombo mpata wozolowera mankhwala akale, ndiye ayamba ena atsopano. Fyness anafunsa ngati amuthamangitse m'dziko, ndiponso ngati angakwanitse kulipira.

"Mankhwala a HIV kuno ndi aulere kwa aliyense, wa mapepala ndi wopanda mapepala," anatero dokotalayo. "Ndipo palibe amene amathamangitsidwa chifukwa chokhala ndi kachilombo."

Fyness analira, koma kulira kwake kunali kwa mkwiyo. Kiliniki ija inali ulendo wa mphindi makumi awiri pa basi kuchokera kunyumba kwake. Zaka zitatu ankaidutsa popita kumsika, akuyang'ana kumbali. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.

Musaganize kuti mantha anatha tsiku lomwelo. Anakhala m'chipatala milungu itatu, ndipo Lamlungu loyamba kubwerera kutchalitchi anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, akuyang'ana milomo ya anthu. Awiri akanong'onezana, ankaganiza kuti akunena iyeyo. Mapemphero atatha a Jestina anabwera molunjika kwa iye, mawu ali pamwamba monga mwa masiku onse.

"Mayi a Mtendere! Kwaya yafa alito chifukwa cha inu. Loweruka pa pulakatisi ndikuoneni!"

Zinathera pomwepo. Mlungu unatha, mwezi unatha, palibe amene anamuyang'ana mwachilendo.

Anamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, piritsi lathunthu. Kukiliniki ankapitabe atadzikulunga mpango mpaka m'maso, koma ankapita. Patatha miyezi isanu ndi umodzi dokotala Safura anamuuza kuti kachilombo katsika mpaka makina sakukaonanso m'magazi, ndipo kakakhala choncho sangapatsire mwamuna. Fyness anayamba kupita kugulu la anzake omwa mankhwala, kenako anaphunzira ntchito yolimbikitsa amene angopezeka kumene. Komabe kunja kwa zipupa za kiliniki, mawu oti HIV anali asanatulukepo pakamwa pake.

Tsiku lina mu Meyi 2019, pa nthawi ya chakudya chamasana kuntchito, anapeza Nelsy ali yekha m'chipinda chopumira, atapindika, dzanja lili pachinena. Patebulo panali paketi ya khofi wakwawo. Nelsy anapisa zala mkati mwa khofiyo n'kutulutsa kapulasitiki ka makapisozi.

Fyness anaizindikira njirayo. Mwa Nelsy ankadziona iye mwini.

Anakhala pansi n'kutsegula pafoni pomasulira zilankhulo. Pang'onopang'ono, uyu kulemba Chisipanishi, uyu Chingerezi, nkhani inatuluka. Mwamuna wa Nelsy anamupatsira matenda opatsirana pogonana. Miyezi inayi tsopano ankamwa makapisozi amene msuweni wake ankatumiza kuchokera kwawo, koma ululu unkangokula. Kuchipatala anayesapo kamodzi. Anapeza timapepala ta zilankhulo zambirimbiri koma chake panalibe, wa pawindo anamufunsa mafunso amene sanawamve, ndipo anatuluka mwamanyazi. Anthu akwawo mumzindamo anali ochepa, onse odziwana, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti wopanda mapepala akapita kuchipatala amakagwidwa.

Fyness analemba kuti kukiliniki ya matenda amenewa salipiritsa ndipo safunsa mapepala. Nelsy anapukusa mutu. Analemba kuti amusiye, Fyness sangamvetse.

Apa Fyness anadziwa kuti malangizo okha sathandiza. Panali chinthu chimodzi chokha chimene chikanamusuntha mayiyu, ndipo chinali chomwe iye anachibisa mpaka kutsala pang'ono kufa nacho. Chitseko chinali chotsegula. Anzawo a ntchito ankadutsa pakhonde.

Fyness analemba kuti: "Ine ndili ndi HIV. Mankhwala anga ankabwera m'paketi ya tiyi. Tsiku lija unandipeza pansi, ndinkafa chifukwa cha paketi ngati yakoyi."

Uthengawo unali wautali, ndipo Nelsy anatsinzinira, zilembo zinamuchepera. Ndiye Fyness anatseka maso n'kudina pamene foni imalankhula. Mawuwo anamveka m'chipinda chonse m'Chisipanishi, momveka bwino, osathamanga.

Denga silinagwe. Pakhonde wina anadutsa ndi ngolo ya mbale osacheuka n'komwe. Nelsy anamuyang'ana, kenako anatseka paketi ya khofi ija n'kuikankhira kutali.

Lachinayi anakwera basi limodzi. Pawindo la kiliniki Fyness, amene miyezi ingapo m'mbuyomo ankalowa atabisa nkhope, anaimirira mowongoka n'kupempha womasulira Chisipanishi, ndipo sanasunthe mpaka anamupeza pafoni. Nelsy anapezeka ndi chinzonono chimene chinali chitayamba kukwera m'chiberekero. Anamubaya jakisoni, anampatsa mankhwala oyenera, anamuuza kuti mwamunayo abwerenso. HIV analibe. Mwezi wotsatira anabwera ndi anzake awiri, wina wa ku Ecuador, wina wa ku Bolivia, onse atagwira mkono wa Fyness. Mmodzi anapezeka ndi kachilombo ndipo anayamba mankhwala asanadwale.

Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho, Fyness ankagwira ntchito masiku atatu pa mlungu kubungwe lina laling'ono la zaumoyo. Ankayenda m'matchalitchi, m'masaluni ndi m'malo amene okolopa amakumana, ali ndi timapepala ta Chichewa ndi Chisipanishi timene anavutitsa nato mabwana ake mpaka anasindikiza. Analembetsanso sukulu yokonzekera unesi. Mtendere anasiya kuwerenga kupuma kwa amayi ake pamasitepe, chifukwa tsopano wotsalira m'mbuyo anali mwanayo.

Mu Disembala a Shepherd, akukonzekera ulendo wina wa kumudzi, anamuimitsa pakhomo la tchalitchi.

"Mlongo, mlandu wa tiyi uja sindinauiwale. Ulendo uno ndisiya nsapato zanga, koma tiyi wanu afika."

"Ayi bambo, tiyi wa kumudzi ndinasiya," anatero Fyness akuseka. "Mundinyamulire usipa wokha."

Mpaka lero bamboyo sadziwa chimene anapatsa wa takisi ku Lumbadzi.

Tsopano ndikutembenukire iwe amene ukuwerenga. Mwina nawenso uli ndi paketi yako, yobisika kuseri kwa zovala. Mwina ukudutsa pakhomo la kiliniki ukuyang'ana kumbali chifukwa cha zimene unamva kwa woluka tsitsi. Mantha ako ndikuwamva, si opusa, koma Fyness anatsala pang'ono kusiya mwana wamasiye chifukwa cha funso limodzi limene sanafunse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lowa, funsa, yezetsa, imwa mankhwala ako athunthu. Ukalimba, cheuka, pali wina pambali pako amene sadziwa chilankhulo kapena njira, umugwire dzanja.

Osataya mtima, m'bale wanga. Kwera basi ija mawa.