Alendo a pa Thanthwe la a Zgambo

Pamene bambo awo ankagawa minda ku Chikomeni, a Mizeck Zgambo anali ku Lusaka, akulondera pa geti la fakitale ina. Pobwerera anapeza abale awo atatenga kale nthaka yonse yachonde. Iwo anawasiyira kumtunda: thanthwe lalikulu lathyathyathya, mkuyu umodzi, ndi dziwe la m'munsi mwake lomwe siliphwa ngakhale m'chilimwe.

"Pamwala ndilimapo chiyani, adada?" anafunsa.

"Weta ng'ombe. Madzi uli nawo."

Anawetadi, ndipo zinaswana. Fodya anamuyesa chaka chimodzi n'kumusiya, ati mbewu yofuna kuilera ngati khanda si yawo. Ndi munthu wamtali, wosakonda kulankhula, ndipo chipewa sachivula wamba. Zolankhula anasiyira akazi awo a Mainess, omwe iwo amawatchula kuti Nyashawa.

Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kagalimoto kanaima pafupi ndi khola kakufuka nthunzi. Munali anamwino anayi a ku Chipata omwe anasochera popita ku ukwati. A Mizeck anawatungira madzi othira mu injini. Podikira kuti izizire, mmodzi mwa iwo, Abigail, anakwera pathanthwe nsapato zili m'manja.

"Mayo ine! Atate, malo aya ni anu? Bwelani muone, anzanga! Mapili aja aoneka onse!"

Anakwera onse anayi ndi madiresi awo a ukwati, n'kuyamba kujambulana pa foni. Ku ukwatiko anakafika anthu atadya kale.

Mwezi usanathe kunabwera magalimoto atatu. A Mizeck atawaona akutsatana pang'onopang'ono m'kanjira ka ngolo, anavula chipewa n'kupita kukawachingamira.

"Monire mose. Wamwalira ndani?"

Abigail anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto. Palibe anamwalira. Anzake a kuntchito anaona zithunzi zija, ndipo anabwera kudzapitidwa mphepo.

"Kudzachita chiyani?"

"Kukhala chabe, atate."

A Mizeck anapita kuseri kwa nyumba. "Nyashawa, anthu awa awotcha petulo kuchokera ku Chipata kudzakhala pamwala."

"Asiyeni akhale," anatero a Mainess, akumanga kale chitenje. "Munthu wokhala amamva njala. Ndigwirireni tambala uyo."

Zinayamba choncho. Chilimwe chotsatira kunabwera aphunzitsi a ku boma, kwaya ya amayi, ndi banja lina la ku Lusaka lomwe ana ake anali asanaonepo ng'ombe ikukamidwa. A Mainess ankawotcha nkhuku, kukazinga nsawa ndi kuphika thobwa. A Mizeck anakwirira maenje a m'kanjira kaja, anakhoma mabenchi pansi pa mkuyu, nakumba chimbudzi chabwino kuposa cha pakhomo pawo. Malamulo anaika awiri: mabotolo abwerere ndi eni ake, ndipo wailesi izime ng'ombe zikamatsikira kudziwe, chifukwa sizimwa paphokoso.

Ng'ombezo nazo zinazolowera alendo mopitirira. Tsiku lina mtsikana wina ankakumbukira kubadwa kwake, anthu atazungulira keke akuimba. Nkhunzi yofiira inalowetsa mutu pakati pawo, inanyambita kamodzi, theka la keke linapita. A Mizeck anachita manyazi kwambiri, anaithamangitsa mpaka kudambo. Pobwera anapeza mtsikanayo akulira ndi kuseka nthawi imodzi, anzake akupempha kuti nkhunziyo ibwerere ajambulitse nayo.

Abale awo aja masiku ano amabwera ndi mabeseni a tomato ndi mapapaya kudzagulitsa m'mphepete mwa kanjira. A Mizeck amangowasonyeza pamene pali mthunzi.

Chaka chatha, Lamlungu lina lopanda alendo, a Mainess anayala mphasa pamwamba pa thanthwe, natenga botolo la thobwa ndi makapu awiri.

"Lero alendo ndife. Khalani pansi, a Zgambo."

Anakhala, miyendo ili tambalale. Kamphepo kankawomba kuchokera kumapiri, mbalame zikulimbirana nkhuyu pamwamba pawo. Anamwa kapu yoyamba.

"Komatu n'pokongoladi," anatero a Mizeck.

"Mwaona?"

Anamwa yachiwiri, maso akuyendayenda m'munsimo. Kenaka a Mizeck anadzuka.

"Mbuzi izo zalowa m'dimba mwathu."

"Zisiyeni, lero tikupuma."

"Ndi repu wanu, Nyashawa."

A Mainess anadzambatuka, makapu gubudu. Anatsika thanthwe lonse akukuwa, amuna awo akubwera pambuyo, mphasa ili kukhwapa.